Wolima wopanda chiphaso naye alipidwe

Alimi anzanga a fodya wa bale ku Kabudula, Nsaru ndi Nambuma, nkhaniyi ndi yathu. Poyendera minda ndimakumana ndi anyamata ochokera ku Angonia m'dziko la Mozambique, olankhula Chichewa ngati ife koma opanda chiphaso chilichonse. Amawokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya chaka chonse akudya ufa wangongole.

Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, bwana amayamba kuwerengera ufa, mchere, sopo, ngakhale khasu lothyoka. Mnyamata akafunsa zotsala amauzidwa kuti amuitanira apolisi, ndipo amabwerera kwawo chimanjamanja. Ine ndimati kumeneku ndi kuba.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito la 2000 nkuletsa utenanti. Wolima fodya wa mnzake ayenera kulandira malipiro, osati kudikira mtengo wa ku okushoni.

Komanso musawatume kukathyola mame asanaume. Chikonga cha masamba onyowa chimalowa pakhungu nkubweretsa chizungulire ndi kusanza. Pangano la malipiro lilembedwe pamaso pa amfumu mbande zisanachoke kunazale, aliyense asunge pepala lake.