Liu Limene Linacoka M'munda Nkulowa mu Ofesi

Pa Cinyanja sitidula zinthu zonse ndi liu limodzi. Mtengo timatema ndi nkhwangwa, nyama timaceka ndi mpeni, udzu wofolerera nyumba timamweta, tsitsi timameta, zikhadabo timawenga. Koma tikadula nthambi zina za mtengo wamoyo kuti zotsalazo zibale bwino, timati tausadza. Kusadza si kupha ai. Wosadza mtengo ali ndi ciyembekezo cakuti adzadya zipatso zake.

Angerezi nao ali ndi liu la nchito imeneyi, ndilo "prune". Analibwereka kwa Afalansa akale, amene anali kulichula posadza mpesa, ndipo pa Cingerezi lakhala likutanthauza kusadza mitengo kwa zaka zoposa 400. Tisalisokoneze ndi "prune" linzake, dzina la cipatso couma cija ca m'mapaketi. Limenelo linacokera ku liu la Cilatini lakuti "prunum". Mau awiriwa angofanana nkhope, si pacibale.

Ambiri a ife kuno ku Lusaka tinayamba kulimva liuli pakamwa pa abale athu osamalira maluwa m'mayadi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Mpanda wa maluwa ukatalika, bwana anali kulamula kuti audulire, ndipo m'bale wathuyo pobwera madzulo anali kunena kuti waswera "kupruna". Linali liu la m'munda cabe, lopanda cifukwa ndi munthu.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa masankho a mu October 1991, pamene cipani ca MMD ca a Frederick Chiluba cinatenga boma. Dziko linali pa nkhongole yaikulu, ndipo makampani ambiri a boma sanali kupindula. Potsata mapangano ndi IMF ndi World Bank, boma linakhazikitsa bungwe la Zambia Privatisation Agency mu 1992 kuti ligulitse makampaniwo, ndipo mu 1993 linayambitsa ndondomeko yocepetsa anchito a boma. Kampani ya ndeke ya Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994. Ya mabasi ya UBZ nayo sinacedwe kutsatira.

Makalata amene anthu anali kulandira m'maofesi a mu Cairo Road analembedwa ndi liu lolemera lakuti "retrenchment". Codabwitsa ncakuti nalonso ndi liu la kudula. Linacokera ku Cifalansa "retrancher", ndiko kuti kudulako mbali ina, ndipo ndi pacibale ndi "trench", ngalande yokumbidwa m'nthaka. Koma m'maminibasi ndi pamaliro panalibe wovutika ndi liu lalitali lotere. Anthu anali kungoti, "Kodi simunamve? Atate a uje anawapruna."

Tiyenera kuvomera kuti m'liuli munali coonadi pang'ono. Makampani ena analidi ndi anchito ocuruka koposa nchito yake, monga mtengo wa mango umene nthambi zake zaphimbana mpaka dzuwa silifika pakati. Ndipo liuli linali ndi lonjezo lake: pirirani, mtengo ukasadzidwa udzabala.

Koma wosadza amayang'ana mtengo, sayang'ana nthambi imene yagwa. Apa ndi pamene liuli linatinyenga. Bambo wa ku Kabwata kapena mai wa ku Chelstone anali nthambi m'mabuku a kampani, koma kunyumba kwake anali thunthu. Pa malipiro ake panali kudya ana ake, ana a malemu acimwene ake, mphwake wobwera kudzaphunzira m'tauni, ndi agogo a ku Katete kapena ku Petauke oyembekezera ndalama ya fetereza. Munthu wotere sasadzidwa. Pa Cinyanja ceniceni, banja lonselo linatemedwa.

Ndiponso nkhwangwayo inagwa pa nthawi yoipa. M'zaka zomwezo boma linaleka kuthandizira mtengo wa unga, ndipo kucipatala kunayamba kulipiritsa. Amene anali kukhala m'nyumba ya kampani anali kugona ndi mantha a kuturutsidwa. Ambiri anayembekezera ndalama zao zopumira pa nchito kwa zaka, akuyenda ndi mafailo kucoka pa ofesi ina kupita pa ina, ndipo ena anamwalira asanazigwire. Mu 1993 Aepiskopi a Katolika m'Zambia analemba kalata yochedwa "Hear the Cry of the Poor", kukumbutsa atsogoleri kuti mtolo wa kusinthaku unagwera osauka.

Sitinganene kuti onse anafota. Ena anaphuka monga citsa pa mvula yoyamba. Anayamba kugulitsa salaula, kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, kapena kutsegula kantemba pa geti. Mu 1996, pamene nyumba za kanselo zinagulitsidwa kwa okhalamo, mabanja ambiri anapeza pobisala mutu. Koma akalaliki amene anazolowera tayi sanayese cinthu capafupi kuima m'mbali mwa mseu ndi katundu m'manja, anzao akale akudutsa.

Tiri ndi mnansi wathu wacikulire ku Chelstone amene anaprunidwa m'zaka zimenezo ali ndi ana asanu pasukulu. Cingerezi amacidziwa bwino, ndipo amawerenga nyuzipepala tsiku liri lonse. Mwezi watha mdzukulu wake anabwera ndi cikwanje nkufunsa ngati angaprune mtengo wa mango wa pakhomo. Mkuluyo anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Usadze nthambi ziwiri za kumpandazo. Zinazo uzisiye."