Za Kaphikidwe ka Nsomba Zaziwisi ndi Nyama ya M'thengo

Mwana wa pasukulu akafunsidwa chimene amayi ake adachita ndi nsomba zimene abambo adabwera nazo kuchokera kudambo, kawirikawiri ayankha ndi liwu limodzi lokha, kuti adaziphika. Agogo a mwana yemweyo sangayankhe chotero. Iwo adzanena kuti milamba adaiwamba, matemba adawayanika pa mphasa, ndipo makumba okha ndiwo adalowa mumphika. Chichewa chili ndi mawu ambiri a ntchito ya pamafuwa, ndipo palibe awiri amene anena chinthu chimodzi. Kuotcha si kuwamba, kuwamba si kufutsa, kufutsa si kukazinga. Mawuwa adachuluka chotero chifukwa nsomba kapena nyama ikangofa iyamba kuonongeka, ndipo m'dziko lotentha wophika amakhala pa mpikisano ndi dzuwa ndi ntchentche. Liwu lililonse linena njira yakeyake yopambanira mpikisanowo. Mphunzitsi amene azindikira ichi angathe kuphunzitsa chinenero, zaumoyo ndi sayansi pa phunziro limodzi.

Nsomba ndiyo ifulumira kuonongeka koposa. Mayi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sagula chambo asanachiyang'ane m'maso ndi kutsegula makha ake, ndiko kuti ziwalo zija za m'mbali mwa mutu zimene nsomba ipumira. Maso akakhala owala, makha ali ofiira, ndipo mnofu ubwerera m'malo ukadinidwa ndi chala, nsombayo njalero. Maso akachita mtambo, makha natuwa, mayiyo angopitirira. Kuwola kuyambira m'matumbo ndi m'makha, pakuti m'menemo ndimo muchuluka tizilombo tosaoneka ndi maso. Chifukwa chake ntchito yoyamba pakhomo ndiyo kupala mamba ndi kutumbula, ngakhale moto usanakolezedwe. Potumbula asamala kuti ndulu isaphulike, popeza ikaphulika mnofu wonse umene yaukhudza uwawa, ndipo madzi sachotsa kuwawako. Mwambi uja wakuti nsomba ikawola imodzi zawola zonse, umene aphunzitsi akonda kudzudzulira nawo ana osamvera, usanakhale mwambi udali chenjezo lenileni la m'dengu la nsomba.

Chambo chachiwisi sichifuna zambiri: madzi pang'ono, mchere, matimati ndi anyezi. Chinthu chimene mlendo adabwa nacho ndi chakuti wophika salowetsa chipande mumphika kuti avundule. Angogwira mphikawo m'mbali naugwedeza pang'ono kuti za pansi zisapserere. Chifukwa chake nchakuti mnofu wa nsomba uli ndi mitsempha yochepa ndi yofewa, kotero upsa m'kanthawi kochepa, ndipo ukavundulidwa uphwanyika, minga nimwazikana mumsuzi, mmene ana angathe kutsamwa nayo. Akazi a kunyanja anena kuti mutu wa chambo ndiwo mwini kukoma, ndipo wophika amene autaya aonetsa kuti sadakulire kufupi ndi madzi.

Nsomba zikachuluka kuposa zimene banja lingadye tsiku lomwelo, pamenepo mpamene mawu ena aja ayamba ntchito. Mlamba ndi kampango zilibe mamba, ndipo zili ndi mafuta ambiri ndi mnofu wochindikala. Nsomba yotere ikangoikidwa padzuwa iuma kunja kokha, m'kati ikuwola, ndipo mafuta ake achita fungo. Motero imawambidwa. Mlamba, utatha kupakidwa phulusa kuti kuterera kwake kuchoke, upindidwa ngati nkhata, nuikidwa pamwamba pa moto wa nkhuni wopanda malawi ambiri. Apa mpamene pali kusiyana kwa kuotcha ndi kuwamba. Wootcha aika chinthu pa makala penipeni kuti chipse msanga, adye pomwepo. Wowamba achitalikitsa ndi moto, nachisiya nthawi yaitali, kuti kutentha kutulutse madzi pang'onopang'ono ndipo utsi uthamangitse ntchentche; iye aganizira za mawa ndi mkuja.

Nsomba zazing'ono, monga usipa, utaka ndi matemba a ku Chilwa, zimauma ndi dzuwa lokha pa thandala m'masiku awiri kapena atatu. Koma nyengo ya dzinja dzuwa silikhulupirika, ndipo asodzi amayamba aviika usipa m'madzi owira kanthawi kochepa asanauyanike. Uwu ndiwo usipa wofutsa. Madzi otenthawo apha tizilombo toyambitsa kuwola, ndipo nsomba iuma msanga. Liwu lomweli ndilo lidabala mfutso, masamba a khwanya kapena nkhwani amene mayi awiritsa nayanika kuti adzadye m'chilimwe. Ana akaona kuti usipa wofutsa ndi mfutso wa masamba n'zapachibale, sadzaiwalanso tanthauzo lake. Ndipo nkoyenera kuti mphunzitsi asanyoze tinsomba timeneti pamaso pa ana, monga achitira anthu ena amene aona ngati usipa ndi ndiwo za osauka. Popeza udyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe, upatsa mwana zolimbitsa mafupa ndi mano zimene sangazipeze m'nthuli ya nsomba yaikulu.

Nyama ya m'thengo ili ndi vuto losiyana ndi la nsomba. Nsomba ipsa msanga. Nyama ya m'thengo ikana kupsa. Gwape, mbawala ndi kalulu zikhalira kuthamanga moyo wawo wonse, kotero mnofu wake ngwolimba, wa mitsempha yambiri ndi mafuta ochepa. Munthu akaikazinga pa moto waukali monga achitira ndi nyama ya mbuzi yonona, adzatafuna chikopa. Yofunika ndi mphika wa dothi, umene usunga kutentha mofanana, ndi moto wofatsa wa zikuni zazikulu. Nyama ibwata pang'onopang'ono maora awiri kapena atatu, madzi akumaonjezedwa akaphwa, kufikira mitsempha ija itasungunuka nisanduka msuzi wokhuthala umene umata milomo. Ena amayamba akulunga nyamayo m'masamba a papaya, ndipo si mwambo chabe ayi: utomoni wa papaya uli ndi mphamvu yofewetsa mnofu. Nkhanga ndi nkhwali, zitasosoledwa ndi kuwaulidwa, zifunanso kuleza mtima komweko, pakuti n'zouma kuposa nkhuku.

Pano payenera kunenedwa poyera kuti masiku a uzimba, pamene amuna a mudzi wonse ankatuluka ndi agalu, mauta ndi nthungo tchire litapsa, adapita. Nyama zidachepa pamene minda idakula, ndipo zambiri zotsala zili m'nkhalango zotetezedwa monga Kasungu, Liwonde, Lengwe, Majete ndi Nkhotakota. Lamulo la nyama za m'thengo la chaka cha 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, liletsa kusaka nyama monga gwape, mbawala ndi njiri popanda chilolezo cha boma, ndipo wopezeka ndi mlandu wokhudza njovu, chipembere kapena ngaka angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Mphunzitsi asaphunzitse za kaphikidwe ka nyamazi ngati akutuma ana kukatchera misampha. Koma mawu ake ndi nzeru zake n'zoyenera kusungidwa, pakuti nthano ndi miyambi zadzala ndi nyama zimenezi, ndipo mwana wosadziwa za tchire lakupsa sangamvetse chifukwa chimene nkhanga zidapanganirana kusanapse.

Kale mlenje akapha nyama yaikulu ankaitumbula kuthengo komweko. Chiwindi ndi zam'kati zina, zimene sizichedwa kuonongeka, zinkaotchedwa ndi kudyedwa tsiku lomwelo. Mwini nyama adali amene adayamba kuilasa, koma sankaidya yekha: anzake a pa uzimba, amfumu ndi abale ankalandira magawo awo. Anthu atama mwambo umenewu kuti udali wa chikondi, ndipo nzoona; komanso udali wa nzeru, pakuti nyama imene banja limodzi silikadatha lisanaiwoletse inkatha usiku umodzi m'miphika khumi, ndipo wogawa lero ankadzalandira tsiku lina. Yotsala inkachekedwa mizere yaitali yopyapyala, nithiridwa mchere, niwambidwa, kenaka nkupachikidwa pa nsanja pamwamba pa mafuwa, pamene utsi wa tsiku ndi tsiku unkaisunga miyezi. Poiphika nyama youmayi ankayamba aiviika m'madzi, naiwiritsa kufikira itafewa, ndipo potsiriza ankaitendera nsinjiro. Mtedzawo ubwezera mafuta amene nyama ya m'thengo ilibe, ndipo kanthuli kamodzi kakwanira banja lonse kudyera nsima.

Pali zinthu ziwiri zimene moto wochepa sungakhululuke. Choyamba ndi nyama ya nguluwe ndi njiri, imene, monga ya nkhumba, ingathe kukhala ndi mphutsi zazing'ono zobisala mumnofu. Iyenera kupsa kufikira pasaonekenso pofiira ngakhale pafupa, ndipo kuiwamba kokha sikukwanira. Chachiwiri ndi nyama yopezeka itafa yokha. Nkhuli, lija dyera la nyama limene ligwira munthu amene wadya masamba okhaokha miyezi yambiri, ichititsa anthu kuiona nyama yotere ngati mwayi. M'chaka cha 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zambiri zidafa mu mtsinje wa Luangwa ndi nthenda ya anthrax, ndipo anthu oposa 500 amene adasenda kapena kudya nyama yake adadwala, ena namwalira. Nthenda imeneyi ilowa ngakhale pa kabala kakang'ono ka pa dzanja la wosenda, mphika usanafike n'komwe pa moto. Chimodzimodzi nsomba zopezeka zikuyandama zakufa, kapena za zilonda pathupi, siziyenera kutoledwa. Pangakhale nthenda, kapena wina wathira mankhwala m'madzimo.

Nyama ya m'thengo imene ana ambiri a kumudzi aidziwa ndi manja awo ndiyo mbewa. Anthu akatha kukolola, anyamata atenga makasu nakakumba mauna m'minda, kapena atchera madiwa. Mnyamata wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene m'kalasi akhala duu, akafunsidwa za mbewa adzasiyanitsa kapuku ndi mende, nafotokoza mmene una wokhalamo mbewa uzindikirikira. Kakonzedwe kake nkufutsa kuja: atumbula, awiritsa ndi mchere kufikira madzi ataphwa, kenaka aumitsa padzuwa kapena pamoto, nazipana pa mpani. Kuwiritsa kumeneku sikuyenera kudumphidwa. Ndipo popeza alimi ena athira mankhwala opha makoswe m'nkhokwe ndi m'minda, mbewa yopezeka yakufa kapena yofooka itayidwe.

Phunziro lotere lifuna kuti mphunzitsi adziwe ana amene ali patsogolo pake. M'kalasi limodzi mungakhale mwana wa Chisilamu, amene kwawo sadya nguluwe kapena mbewa. Wina wa mpingo wosunga Sabata, amene sakhudza mlamba ndi kampango chifukwa zilibe mamba. Ndi winanso amene banja lake lisala nyama yakutiyakuti chifukwa cha mfunda kapena malangizo a makolo. Ana safuna chifukwa chachikulu kuti ayambe kusekana, ndipo dzina lachipongwe lobadwira pa nkhani ya ndiwo likhoza kumtsata mwana kufikira atamaliza sukulu. Njira yabwino ndiyo kutuma mwana aliyense kukafunsa kwa amayi kapena agogo ake mawu asanu a kakonzedwe ka ndiwo zimene kwawo amadya, pamodzi ndi chifukwa chimene achitira chotero. Mawuwo akalembedwa pa bolodi, kudzaoneka kuti ana a kunyanja abweretsa ambiri a nsomba, a kumtunda ambiri a mbewa ndi mbalame, ndipo nthawi zina mwana adzabwera ndi liwu limene mphunzitsi mwini sadalimvepo. Limenelo alilembe m'kope lake, pamodzi ndi dzina la mudzi kumene lachokera.