Kusankha mbewu si luso latsopano: mlandu wa nyemba zachikasu

Alimi anzanga a kwa Njewa ndi madera ozungulira, sabata ino ndifuna tikambirane za patenti. Ichi ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano, kuti wina asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake. M'maiko ambiri chimagwira ntchito zaka 20.

Chiphasochi sichiperekedwa chisawawa. Chinthucho chiyenera kukhala chatsopano ndi chothandiza. Chachitatu, chisakhale chodziwikiratu, ndiye kuti chimene aliyense wodziwa ntchitoyo akanachiganiza yekha. Milandu yambiri ya patenti imagona pa mfundo yachitatuyi.

Nachi chitsanzo. M'zaka za m'ma 1960, Karl Norris wa ku unduna wa zamalimidwe ku America anasonyeza kuti kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared kungathe kuyeza chinyezi m'mbewu. Limenelo linali luso lenileni. Koma wina akangotenga makina omwewo n'kuyezera mtedza m'malo mwa tirigu, osasintha kanthu, khoti likhoza kunena kuti palibe chimene watulukira.

Mfundo yomweyi ndiyo inapulumutsa alimi a nyemba. Mu 1994, Larry Proctor wa ku Colorado, m'dziko la America, anagula nyemba ku Mexico. Anasankhamo zachikasu, nazibzala ndi kusankhanso kwa nyengo zingapo, kenaka nazitcha Enola. Mu 1999 anapatsidwa patenti, ndipo anayamba kufuna malipiro kwa ogulitsa nyemba zachikasu za ku Mexico m'dziko la America. Mu 2001 anasumira alimi ndi makampani a mbewu 16.

Bungwe la CIAT, lomwe limagwiranso ntchito ya nyemba pa Chitedze pompano, linatsutsa patentiyo mu 2000. Umboni wake unali nyemba zachikasu zimene zinali kale m'nkhokwe yake ya mbewu ku Colombia. Ofesi ya patenti inafafaniza chiphasocho mu 2008, ndipo mu 2009 khoti la apilo linavomereza. Linati kubzala nyemba ndi kusankha za mtundu umene ukufuna n'chinthu chodziwikiratu. Amayi athu amachita zomwezo palichero chaka ndi chaka.

Komabe taonani kuti panatha zaka 10 chilungamo chisanaoneke, alimi a ku Mexico akuluza msika. Chinawathandiza ndi umboni wosungidwa ndi wolembedwa.

N'chifukwa chake ndikupempha makalabu a alimi kuti azilemba maina a mbewu zamakolo monga nanyati, kayera ndi phalombe, maonekedwe ake, mudzi umene zinachokera ndi chaka chimene munayamba kuzilima. Funsaninso alangizi za nkhokwe ya mbewu ya dziko lino imene ili pa Chitedze, kuti mbewu zanu zikasungidwe kumeneko pamodzi ndi mbiri yake.