Galimoto Zakale pa Mseu wa ku Mlowe

Mlowe ndi dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi m'boma la Rumphi. Wopita kumeneko pa galimoto amasiya mseu waukulu pa Chiweta, nakhotera kummwera motsata gombe. Kwa zaka zambiri mseu umenewu wakhala wovuta, makamaka m'dzinja pamene madzi otsika m'mapiri amakumba zigwembe ndi kuunjika miyala panjira. Komabe usipa uyenera kufika kumsika, ndipo wodwala kwambiri ayenera kufika kuchipatala ku Rumphi.

Galimoto imene inatchuka m'miseu yotere ndi Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa ku England m'chaka cha 1948. Injini yake imatha kuzunguza mawilo onse anayi, kotero kuti akumbuyo akamaterera m'matope, akutsogolo amakoka. M'galimoto zakalezo muli tindodo tiŵiri pafupi ndi giya. Dalaivala akakanikiza kachikasu, mawilo onse anayi amayamba kukoka. Akakokera kumbuyo kofiira, galimoto imayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma ndi mphamvu zambiri.

Chimene chimazunzika kwambiri panjira ndi masipuling'i. Ameneŵa ndi zitsulo zazitali zosanjikizana, zopindika ngati uta, zimene zili pafupi ndi wilo lililonse. Wilo likagwera m'dzenje, zitsulozo zimapindika ndi kubwereranso, motero anthu ndi katundu sagwedezeka kwambiri. Zikasenza matumba olemera kwa zaka zambiri zimatopa ndi kuongoka. Pamenepo galimoto imatsika, ndipo kunsi kwake kumagunda miyala.

Makaniko wodziŵa ntchito amamasula zitsulozo, nazimenya ndi nyundo chimodzichimodzi mpaka zitapindikanso. Kaŵirikaŵiri amaonjeza chitsulo china pa mulu uliwonse kuti galimoto ikwere pang'ono ndi kusenza katundu bwino. Koma ekiselo, chitsulo chija cholumikiza mawilo aŵiri, sichikwera ndi masipuling'i ayi. Chimakwera pokhapokha ataikapo matayala okulirapo. Kuyambira m'chaka cha 1983 Land Rover zatsopano zinayamba kubwera ndi masipuling'i opotana ngati chigoba cha nkhono, amene ndi ofeŵa koma sakonzeka ndi nyundo.

Ntchito yokweza galimoto ili ndi malire ake. Masipuling'i akauma kwambiri, galimoto yopanda katundu imadumphadumpha, ndipo wodwala amene wagona kumbuyo amamva dzenje lililonse. Galimoto yokwezedwa mopitirira muyeso sichedwa kugubuduzika pamalo opendekeka, makamaka ngati matumba aunjikidwa padenga. N'chifukwa chake katundu wolemera amamuika pansi, wopepuka pamwamba.

Potsika phiri dalaivala wanzeru amaika giya yoyamba kuti injini ithandize mabuleki, pakuti mabuleki akatentha amaleka kugwira. Akafika pamtsinje wodzaza amaima, natsika kukayesa kuya kwa madzi ndi ndodo. Madzi akakhala ambiri kapena othamanga, aulendo onse amakhala pansi kudikira kuti aphwe.

Mafunso

1. Kodi wopita ku Mlowe amasiya mseu waukulu pati?
2. Kandodo kofiira kamagwira ntchito yanji?
3. Makaniko amatani masipuling'i akaongoka?
4. N'chifukwa chiyani si bwino kuunjika matumba padenga la galimoto?
5. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: gombe, zigwembe, kugubuduzika.