Lamulungu Lopanda Wansembe

Pa Lamulungu m'mawa, mame asanaume pa udzu, chitsulo chimalira pa bwalo la tchalitchi cha kumudzi. Si belu lenileni ayi, koma mkombero wakale wa galimoto umene anaupachika pa mtengo ndi waya. Anthu amayamba kufika, amayi atabereka ana, madoda atakwera njinga, ndipo akwaya amakometsa mawu ndi ng'oma ndi maseche. Woima kutsogolo si wansembe, koma katekisiti, munthu wa m'mudzi momwemo, mlimi wa chimanga amene ali ndi mkazi ndi ana. Iye amawerenga Mawu a Mulungu, amalalika, amatsogolera mapemphero, ndipo mbale ya chopereka imayenda monga mwa masiku onse. Koma pofika pamene Misa imafika pachimake, pamene wansembe akadatenga mkate ndi vinyo m'manja, katekisiti sayandikira guwa. Gawo limenelo amalilumpha, ndipo anthu amabwerera kwawo atapemphera koma asanachite Misa.

Mlendo wa mpingo wina ataona zimenezi angathe kudabwa. Munthu uyu mawu onse a Misa amawadziwa pamtima, popeza wakhala akuwamva kuyambira ali wamng'ono. Nanga chomletsa kuwanena n'chiyani? Funsoli likuoneka laling'ono, koma yankho lake lasenza pafupifupi chiphunzitso chonse cha Mpingo wa Katolika pa za masakramenti ndi za maudindo.

Pa maziko a chikhulupiriro, Mkatolika sasiyana kwenikweni ndi mnansi wake wa CCAP kapena wa Anglican. Onsewa amavomereza Mulungu mmodzi mu Utatu Woyera, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Amavomereza kuti Yesu Khristu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni, kuti anafa nauka kwa akufa. Mfundo zimenezi anazikhazikitsa maepiskopi pa misonkhano ya ku Nicaea m'chaka cha 325 ndi ku Constantinople m'chaka cha 381, mipatuko ya masiku ano isanabadwe. Njira zimapatukana pofika pa masakramenti. Kwa Akatolika, sakramenti ndi chizindikiro chooneka ndi maso, monga madzi, mafuta kapena mkate, chimene sichingokumbutsa chabe za chaulere cha Mulungu koma chimachiperekadi. Martin Luther ndi anzake atatsutsa chiwerengero chake, ambiri mwa iwo n'kutsala ndi Ubatizo ndi Mgonero basi, msonkhano wa ku Trent unagamula m'chaka cha 1547 kuti masakramenti alipo 7, osaonjezera kapena kuchotsapo. Ndipo pa Ukaristia Mpingo umaphunzitsa kuti mkate ndi vinyo zimasanduka Thupi ndi Magazi a Khristu, ngakhale maonekedwe ndi kukoma kwake sikusintha, ndi kuti kusandukako kumachitika kudzera mwa wansembe wodzozedwa yekha. Tsono chimene katekisiti alibe si nzeru kapena ulemu wa anthu. Ena mwa akatekisiti amalalika mogwira mtima kuposa ansembe awo, ndipo akhristu amadziwa zimenezi ngakhale sanena mokweza. Chimene alibe ndi kusanjikidwa manja ndi episkopi.

Katekisimu amandandalika masakramenti mwa dongosolo lake, koma munthu wa kumudzi amawadziwa mwa njira ina: molingana ndi mtunda umene ayenera kuyenda, kapena nthawi imene ayenera kudikira, kuti awalandire.

Woyandikira kwambiri ndi Ubatizo. Mwa masiku onse amabatiza ndi wansembe kapena dikoni, koma khanda likabadwa lofooka pakati pa usiku, mzamba kapena gogo angathe kulithira madzi pamutu potchula dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ndipo ubatizo umenewo ndi woona. Ngakhale munthu wosabatizidwa angathe kubatiza pa ngozi yotere, malinga akhale ndi cholinga chochita chimene Mpingo umachita. Mwanayo akachira sabatizidwanso. Wansembe amangomaliza miyambo yotsala ndi kulemba dzina m'kaundula. Ukwati nawo uli ndi chinthu chimene ambiri sachidziwa: opatsana sakramentilo ndi mwamuna ndi mkazi eni ake, pamene wansembe amangoimira Mpingo monga mboni ndi wodalitsa. N'chifukwa chake malamulo a Mpingo a m'chaka cha 1983 amalola kuti kumene kulibe ansembe ndi madikoni, episkopi atume mkhristu wamba kukaimira pa ukwati, akavomereza maepiskopi anzake a m'dzikomo ndiponso likulu la ku Rome.

Masakramenti atatu ndiwo amadikira phokoso la njinga yamoto ya bambo mfumu: Ukaristia, Kulapa ndi Kudzoza Odwala. Apa ndi pamene pagona mtolo. Kuyambira pa msonkhano wa ku Lateran wa m'chaka cha 1215, Mkatolika ali ndi lamulo lolapa machimo ake aakulu kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka. Kamodzi pachaka ndi malire otsika chabe. Chimene Mpingo umafuna ndi chakuti anthu azisonkhana pa Misa Lamulungu lililonse. Komabe pali nthambi zimene zimaona wansembe kamodzi pamwezi, ndipo zina, makamaka m'dzinja milatho ikakokoloka, zimatha miyezi iwiri kapena itatu. Mpingo suwawerengera tchimo anthu oterewa, chifukwa lamulo silimanga munthu pa chinthu chosatheka. M'malo ena mkhristu wosankhidwa amakatenga Ukaristia wodalitsidwa kale ku parishi n'kudzagawira anzake, ndipo izi zimatonthoza. Koma za Kulapa palibe njira yachidule. Machimo sawaulula kwa katekisiti, sawatumiza pa kalata kapena pa lamya. Munthu ayenera kugwada pafupi ndi wansembe, amene ali womangidwa ndi chinsinsi chosamasulika. Wansembe woulula zimene wamva m'kulapa amadzichotsa yekha mu umodzi wa Mpingo nthawi yomweyo, ndipo ngakhale khoti kapena mfumu sizingamumasule pa chinsinsicho.

Tsono ganizirani nkhalamba imene yadwala mwakayakaya ku nthambi yakutali. Yakhala ikupereka mtulo chaka ndi chaka, inaumba nawo njerwa za tchalitchi, ndipo chimene ikupempha tsopano n'chimodzi: kulapa, kudzozedwa mafuta ndi kulandira kamba wa paulendo. Mnyamata amathamangitsidwa ku parishi, n'kupeza bambo ali ku maliro mbali ina ya phiri. Akhristu amazungulira mphasa, amapemphera korona, katekisiti amathandiza wodwalayo kumva chisoni chenicheni pa machimo ake, ndipo chiphunzitso chimati Mulungu samangidwa ndi masakramenti ake, angathe kukhululuka popanda iwo. Zimenezo n'zoona m'buku. Koma amene anakhalapo pa mphasa yotere amadziwa kuti maso a wodwala sachoka pakhomo.

Otalikira kuposa onse ndi Ulimbitso ndi Unsembe, amene mwini wake ndi episkopi. Pa Ulimbitso angathe kutuma wansembe, koma podzoza wansembe watsopano palibe womuimira. Chifukwa chake n'chakuti Akatolika amaona episkopi monga wolowa m'malo mwa Apostoli, pa mzere wa kusanjika manja wosaduka kuyambira pachiyambi, ndipo Papa, episkopi wa ku Rome, monga wolowa m'malo mwa Petro. Ambiri amaganiza kuti episkopi ndi kapitao wa Papa, arkiepiskopi n'kukhala bwana wa maepiskopi. Sizili choncho kwenikweni. Papa ndiye amasankha maepiskopi, koma aliyense amalamulira dayosizi yake ndi mphamvu za udindo wake, ndipo arkiepiskopi wa Blantyre sangasamutse wansembe wa ku Zomba. Episkopi akakwanitsa zaka 75 amapereka kalata yopempha kupuma. Makadinala ndi alangizi a Papa, ndipo osakwana zaka 80 ndiwo amasankha Papa watsopano, monga anachitira m'mwezi wa May 2025 posankha Leo XIV.

Nyumba imeneyi m'Malawi inamangidwa pang'onopang'ono. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda, ku Mangochi, kumapeto kwa chaka cha 1889, koma anachokako mu 1891 ntchito isanamere mizu. A chipani cha Montfort anakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo chaka chotsatira a White Fathers anabweranso natsegula Mua. Panapita zaka zoposa 30 kuti mwana wa dziko lino aime pa guwa: Cornelius Chitsulo anadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo mu 1957 anadzozedwa kukhala episkopi woyang'anira Dedza. Madayosizi enieni anakhazikitsidwa mu 1959, Blantyre n'kukhala arkidayosizi. Lero alipo 8: Blantyre, Zomba, Chikwawa, Mangochi, Lilongwe, Dedza, Mzuzu ndi Karonga, imene inabadwa mu 2010, chaka chimodzi Lilongwe isanakwezedwe kukhala arkidayosizi yachiwiri. Seminale ya Kachebere ku Mchinji inatsegulidwa mu 1939, ya St Peter's ku Zomba mu 1977. Mnyamata wotsiriza sekondale amatha zaka 8 kapena kuposerapo asanadzozedwe, ndipo ambiri amatsalira panjira. Ana obatizidwa amachuluka msanga kuposa manja owadyetsa.

Amene analiyang'ana vutoli m'maso anali Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, unali utakumbutsa kuti Mpingo ndi anthu onse obatizidwa, osati ovala mikanjo okha. Kalilombe anaitanitsa sinodi ya dayosizi yake, imene inayenda kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo mfundo yake inali yakuti Mpingo uyenera kudzitumikira, kudzifalitsa ndi kudzidalira wokha. Pansi pa parishi ndi nthambi panakhazikitsidwa mphakati, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamasonkhana pakhonde kapena pansi pa mtengo kuwerenga Malembo, kuzonda odwala, kukonza maliro, kuweruza timilandu ndi kuchitira umboni ofuna ubatizo kapena ukwati. Kumadera ena amati limana. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anaitenga njira yomweyi mu 1973 naitsimikiza mu 1976. Boma la chipani chimodzi silinakondwere kuona anthu akusonkhana m'midzi popanda wapampando wa chipani, ndipo mu 1976 Kalilombe anachoka m'dziko. Udindo wake anautula mu 1979. Koma miphakati inatsala. Mphamvu ya dongosololi inaonekera pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula kuponderezana inawerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse tsiku limodzi, boma lisanadziwe kanthu. Makwerero omwe aja otsika kuchokera kwa episkopi kufika ku nthambi ndiwo anatsitsa kalatayo, ndipo patangotha miyezi 15 Amalawi anaponya voti ya referendamu.

Komabe mphakati sungachite Misa. Apa pali kusagwirizana kumene Mpingo sunakuthetse: umaphunzitsa kuti Ukaristia ndiye gwero ndi chimake cha moyo wa mkhristu, pamene unyinji wa ana ake akumidzi umaupeza mwa apo ndi apo. Ena amati mankhwala ake ndi kudzoza amuna okwatira a mbiri yabwino, monga akatekisiti omwewa. Kusakwatira kwa ansembe si chiphunzitso chosasinthika, koma lamulo la Mpingo wa mwambo wa Chilatini, limene linalimbitsidwa pa msonkhano wa ku Lateran wa 1139. Akatolika a miyambo ya kum'mawa, monga a ku Ukraine ndi Lebanon, ali ndi ansembe apabanja mpaka lero. Maepiskopi a chigawo cha Amazon, kumene midzi ina imatha chaka osaona Misa, anapempha zimenezi pa sinodi yawo mu October 2019, koma Papa Francis poyankha mu 2020 sanatsegule khomolo. Chimene anachita mu 2021 ndi kukweza ukatekisiti kukhala utumiki wokhazikitsidwa ndi episkopi pa mwambo wakewake. Ulemu umenewu unachedwa kufika, chifukwa m'midzi yambiri Chikatolika chinabzalidwa ndi akatekisiti, wansembe n'kudzafika pokolola. Otsutsa kudzoza apabanja nawo ali ndi mfundo yosapeputsika: mpingo umene umavutika kugulira mafuta njinga yamoto ya wansembe mmodzi wosakwatira, udzasamala bwanji wansembe wa ana 6? Palinso funso la maphunziro, ndi lakuti munthu angaulule bwanji machimo ake kwa mlamu wake amene akulimbirana naye malire a munda.

Tsiku limene bambo mfumu afika, ntchito ya miyezi iwiri imapanikizidwa m'maola ochepa. Amayamba ndi kulapitsa, atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, mzere wa olapa utatalika mpaka kumsewu. Kenaka Misa, maubatizo a makanda, kufunsa akatekumeni, ndi kumva nkhani za maukwati zimene a komiti asunga. Pa nthawi ya kulandira, si onse amaimirira. Mayi amene ukwati wake sunadalitsidwe, mwina chifukwa mwamuna akuzengereza kapena akudikira ndalama za madyerero zimene Mpingo sunalamule n'komwe, amatsala pa benchi pamodzi ndi mkazi wachiwiri wa pamitala, ngakhale onsewo ndiwo anasesa tchalitchi ndi kuphika nsima ya alendo. Dzuwa likapendeka, katekisiti amapereka mndandanda wa odwala. Bambo amayang'ana mayina, amayang'ana mitambo imene yayamba kuda kumapiri, n'kufunsa kuti mwa onsewa wodwalitsitsa ndani, ndipo kwawo n'kutsidya kwa mtsinje kapena tsidya lino.