Ku America akugula zimene makolo awo ankataya

Chaka chilichonse mwezi wa October, anthu zikwizikwi amasonkhana m'tauni ya Hershey, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, pa msika waukulu wa galimoto zakale. Msikawu ndi wa bungwe la Antique Automobile Club of America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1935. Kumeneko kumapezeka ngakhale galimoto za Ford Model T, zomwe zinapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927.

Koma si onse amapitira galimoto. Ambiri amasakasaka tizinthu timene ogulitsa galimoto ankagawa ulere: makalendala, zokolowekera makiyi, mabokosi a machesi ndi zikwangwani zachitsulo zimene ankapachika pakhomo pa sitolo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, makampani monga AMT ndi Jo-Han ankapanga tigalimoto tapulasitiki tofanana ndendende ndi galimoto zenizeni za chaka chimenecho. Bambo akabwera kudzaona galimoto, wogulitsa ankapatsa mwana kamodzi. Ana ankaseweretsa mpaka kuphwanya, ndipo amayi ankasesera kudzala. N'chifukwa chake tochepa timene tinatsala, makamaka tokhala ndi bokosi lake, lero ndi todula.

Pamisika ya zinthu zakale m'dzikomo pamapezekanso chiwiya china cha kumudzi: botolo lalikulu lagalasi lokhala ndi chopukusira pamwamba, lopangira batala. Otchuka kwambiri ndi a kampani ya Dazey ya ku St. Louis. Kale alimi a kumeneko akakama ng'ombe ankasiya mkaka kuti mafuta ake ayandame. Ankawengula mafutawo, n'kuwathira m'botolo, n'kupukusa mwina theka la ola mpaka aundane. Kenaka ankawatsuka ndi madzi ozizira, kuwafinya ndi kuthira mchere. Kuti papezeke kilo imodzi ya batala pamafunika malita a mkaka pafupifupi 20. Ng'ombe zikamadya msipu wauwisi batala ankatuluka wachikasu, zikamadya udzu wouma ankatuluka wotuwa.

Ntchitoyi inatha pang'onopang'ono. Mu 1878 Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga makina olekanitsa mafuta ndi mkaka, ndipo patapita zaka alimi anayamba kugulitsa mkaka ku mafakitale. Majarini, amene Mfalansa wina Hippolyte Mège-Mouriès anapanga mu 1869, analowa m'masitolo pamtengo wotsika. Alimi a ng'ombe analimbana naye, moti chigawo cha Wisconsin chinaletsa kugulitsa majarini wachikasu mpaka 1967. Komabe mabotolo aja anathera m'mashedi, kuchita fumbi.

Lero adzukulu a alimi aja akuwagulanso n'kuwaika pashelefu ngati chokongoletsa nyumba. Achikulire amadandaula kuti batala wa m'sitolo sakoma ngati wa agogo. Botolo lilipo, koma mabanja ambiri anagulitsa minda ndi ng'ombe kalekale, ndipo amayi amene ankadziwa ntchitoyo anamwalira.

Kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene mabanja ambiri akuwetabe ng'ombe, nkhaniyi si yachilendo. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu ochuluka anathawira ku Malawi, ndipo ziweto ndi katundu wambiri wa makolo zinatayika. Zimene zinapulumuka ndi zimene zinali m'mitu ya anthu: kukama, kusasitsa chambiko m'chikho, kuumba mbiya, kusema mtondo ndi kukonza ngolo. Zimenezi sizigulidwa pamsika uliwonse, ndipo gogo akapita nazo kumanda, madzi atayika, saoleka.

Choncho mlendo akafika pamudzi kudzafunsa mtengo wa mbiya yakale, nyale kapena makina osokera a agogo, banja liyambe lakhala pansi lisanavomere ndalama yoyamba imene watchula. Ndipo ana akaweruka kusukulu, aziitanidwa kukhola madzulo kuti aone mmene agogo awo amakamira.