Masamu Ovuta Aja Ali Kale pa Doko la Nkhotakota

Wophunzira wa Fomu 4 atha kuloweza mafomula onse, koma n'kusowa poyambira akakumana ndi funso lolembedwa m'mawu. Pa mayeso a MSCE, omwe bungwe la MANEB limalembetsa, mafunso otere sasowa. Kawirikawiri chovuta si kuwerengera ayi, koma kuthamangira manambala funso lisanamveke. Yambani mwasandutsa funsolo kukhala chinthu chomwe mumachidziwa, ndipo mukapeza yankho muliyese ngati likumveka. Nazi zitsanzo zitatu za kunyanja kwathu ku Nkhotakota. Manambala ake ndi ongoyerekeza.

Tiyambe ndi algebra. Mayi wina wagula pa doko ndowa ziwiri za usipa ndi imodzi ya utaka pa K70,000. Mnzake wagula ndowa imodzi ya usipa ndi imodzi ya utaka pa K45,000. Kodi ndowa iliyonse ndi ndalama zingati? Mtengo wa usipa tiutche u, wa utaka t. Tikhala ndi 2u + t = 70,000 komanso u + t = 45,000. Mayi woyambayo anaposa mnzake ndi ndowa imodzi ya usipa basi, ndipo analipira K25,000 yapamwamba. Ndiye kuti u = 25,000, ndipo t = 20,000. Kumeneku ndiko kuchotsera equation yachiwiri pa yoyamba. Tsopano yesani: 50,000 kuphatikiza 20,000 ikukwanadi 70,000.

Pa trigonometry, musawerengere musanajambule. Taganizani za mkuyu wakale wa pa boma la Nkhotakota, womwe mbiri imati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Mukufuna kudziwa kutalika kwake osaukwera. Mwaima mamita 20 kuchoka patsinde, ndipo poyang'ana kunsonga maso anu akwera madigiri 40. Jambulani triangle: mzere wogona ndi mamita 20 aja, woimirira ndi mtengowo. Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi tangent, choncho chulukitsani 20 ndi tan 40°, yomwe ndi 0.839. Mupeza mamita 16.8. Ambiri amalekera pomwepa, kuiwala kuti maso sali pansi. Ngati ali mamita 1.5 kuchoka panthaka, mtengowo ndi wa mamita 18.3. Onetsetsaninso kuti calculator ili pa DEG. Kuyesa kwake n'kosavuta: tan 45° iyenera kupereka 1.

Chomaliza ndi statistics. Msodzi wina wapha ndowa 2, 3, 3, 4 ndi 18 za usipa pa masiku asanu. Masiku anayi mwera unavuta, tsiku limodzi lokha ndi lomwe nyanja inadekha. Mean timaipeza pophatikiza zonse n'kugawa ndi kuchuluka kwa masiku: 30 kugawa ndi 5, yankho ndi 6. Median ndi nambala yapakati mukazindandalika kuyambira yaing'ono, ndipo pano ndi 3. Mode, nambala yobwera kambiri, ndi 3 yomweyo. Taonani kuti pa masiku anayi mwa asanuwo msodziyu sanafike pa ndowa 6. Tsiku limodzi lamwayi lakokera mean m'mwamba. Atakongola ndalama za injini ya boti podalira ndowa 6 pa tsiku, ngongoleyo ingamumize. Ndi chifukwa chake funso likakhala ndi nambala imodzi yotalikirana kwambiri ndi zinzake, median ndiyo imanena zoona.

Kwa ife amene tikuphunzira uphunzitsi, ndiponso kwa makolo othandiza ana madzulo, phunziro lake ndi limodzi. Mwana akakakamira, musafulumire kumupatsa fomula. Mufunseni kuti afotokoze funsolo m'Chichewa, atchule chomwe chikufunidwa, ndipo achijambule. Mwana amene amatumidwa kukagula usipa n'kubwera ndi chenji chokwanira ali nawo kale mutu wa masamu. Changotsala n'kumuonetsa kuti u ndi t za m'kope lake ndi ndowa zomwe zija amaziona pa doko.